Chiku ndi Agogo Ofunda Nsalu Yofiira

Uyu ndi Chiku. Chiku amakhala ku Swords, kufupi ndi Dublin. Ndege zimadutsa pamwamba pa nyumba yawo tsiku lonse.

Chiku ali ndi mng'ono wake wakhanda. Dzina lake ndi Watipaso. Tizala take n'tating'ono ngati nyemba.

Chiku safuna kuti Watipaso adwale. Safuna fumbi pa Watipaso. Safuna ntchentche pa Watipaso. Safuna manja osasamba pa Watipaso.

Mlendo akafika, Chiku amaima pakhomo.

"Sambani m'manja kaye," amatero Chiku.

Anti Belinda amasamba. Bambo mfumu George amasamba. Ngakhale Abambo akaweruka kuntchito amasamba. Koma Chiku! Mlonda weniweni ameneyu.

Chiku ali ndi mnzake wapamtima. Dzina lake ndi Naserian. Naserian amakhala m'nyumba ya pamwamba pawo. Kwawo ndi ku Kenya. Mtundu wake ndi wa Amasai.

Awiriwa amapita kusukulu limodzi. Ambulera yawo ndi imodzi. Mvula ikagwa amapanikizana, n'kumaseka. Ndipotu ku Dublin mvula sitopa ayi!

Naserian amadziwa kutunga mikanda. Anaphunzira kwa amayi ake. Tsiku lina anamutungira Chiku chibangili. Mikanda yofiira. Mikanda yoyera. Mikanda yabuluu. Chiku savula chibangili chake. Amagona nacho.

Agogo aamuna a Naserian anabwera pa ndege. Anabwera kudzacheza masiku ochepa. Agogowo ndi aatali. Aatali zedi! Polowa pakhomo amachita kuwerama.

Amavala jekete lalikulu chifukwa cha kuzizira. Pamwamba pa jekete amafunda nsalu yofiira. Kwawo amaweta ng'ombe zambiri. Agogo salankhula Chichewa. Salankhulanso Chingerezi. Naserian ndi amene amawamasulira.

Loweruka Naserian ndi agogo ake anatsika kudzaona khanda.

"Odi!" anatero Naserian. Mawu amenewa anamuphunzitsa ndi Chiku.

Chiku anaima pakhomo.

"Agogo asambe m'manja kaye," anatero Chiku.

Naserian anamasulira. Agogo anaseka. Anasamba ndi sopo. Anasamba mpaka m'zigongono. Chiku anakondwa. Agogo awa ndi abwino!

Amayi anapereka khanda kwa agogo. Agogo anamunyamula mosamala. Anamuyang'ana kumaso. Ananena mawu m'chilankhulo chawo. Kenako anawerama.

Thu! Thu!

Timalovu pamphumi pa Watipaso!

"Mayo ine!" Chiku anakuwa. "Amayi, amulavulira mwana!"

Anathamanga kukatenga kansalu. Anapukuta. Anapukutanso. Anapukutanso kwambiri.

Amayi nawonso anadabwa. Anangoti kukamwa yasa. Agogo anabweza khanda kwa Amayi.

"Chiku, imva kaye," anatero Naserian.

"Sindimva!" anatero Chiku. "Agogo ako alibe ulemu."

"Iwe Chiku!" anatero Amayi. "Akulu sitiwanena choncho."

Koma Chiku anali atakwiya kale. Anavula chibangili chija. Anachiika m'manja mwa Naserian.

"Tenga," anatero Chiku. "Sindisewera nawenso."

Naserian analengeza misozi. Anagwira dzanja la agogo ake. Anakwera masitepe mwakachetechete.

Lamulungu Chiku sanasewere. Anangokhala ndwii pampando. Kudenga ankamva mapazi a Naserian. Di, di, di. Anayang'ana pamkono pake. Panalibe chibangili.

Mtima unkamuwawa. Anamusowa mnzake. Anamusowa kwambiri. Koma nanga malovu aja?

Lolemba m'mawa kunali mvula. Chiku anavala yunifolomu. Anatenga ambulera. Ambulera yonseyi, munthu mmodzi? Chiku sanakondwe.

Anatsegula chitseko pang'ono. Pamasitepe panali sutikesi yaikulu. Panalinso Naserian ndi agogo ake. Chiku anabisala kuseri kwa chitseko, n'kumasuzumira.

Naserian anaweramitsa mutu. Agogo anaika dzanja pamutu pake. Ananena mawu omwe aja. Kenako anawerama.

Thu! Thu!

Timalovu pamutu pa Naserian!

Naserian sanalire. Naserian sanapukute. Naserian anamwetulira!

Aaa, zoona? Chiku anatuluka kuseri kwa chitseko.

"Naserian, akulavulira. Sukukwiya?"

"Ndikwiyirenji?" anatero Naserian. "Andidalitsa. Kwathu akulu amadalitsa choncho. Amadalitsa mwana amene amamukonda. Lero akubwerera ku Kenya."

"Nanga mawu aja amati chiyani?" anafunsa Chiku.

"Amati: Ukule. Usadwale. Ukhale ndi ng'ombe zambiri."

"Kwa Watipaso ananenanso choncho?"

"Ee," anatero Naserian. "Inenso anandilavulira ndili khanda. Taona mmene ndakulira!"

Chiku anaganiza. Usadwale. Usadwale. Si zomwe iye amafuna zimenezi? Agogo ankafuna zomwe Chiku amafuna!

Chiku anagwira pakamwa.

"Kalanga ine! Ndinapukuta mdalitso wa Watipaso!"

Anayang'ana sutikesi ija. Agogo akupita lero. Akapita, adzamudalitsanso ndani? Chiku anathamangira m'nyumba.

"Amayi! Amayi! Bweretsani mwana! Fulumirani!"

Amayi anatuluka ndi Watipaso. Abambo anatsatira, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Kwagwanji?" anafunsa Abambo.

"Aja sanali malovu wamba," anatero Chiku. "Unali mdalitso. Ine ndinaupukuta."

Chiku anagwada pamaso pa agogo. Anagwada monga anamuphunzitsira Amayi.

"Pepani, agogo. Sindinadziwe. Chonde mudalitseninso mng'ono wanga."

Naserian anamasulira. Agogo anamwetulira. Anatambasula manja awo aatali. Amayi anapereka khanda.

"Dikirani!" anatero Chiku.

Anathamangiranso m'nyumba. Anabwera ndi kachipewa kaubweya. Anamuveka Watipaso bwinobwino.

"Pachipewa, agogo," anatero Chiku.

Amayi anaseka. Abambo anaseka. Agogo anaseka mpaka misozi. Koma Chiku! Mlonda sasiya ntchito.

Agogo ananena mawu aja. Naserian anamasulira.

"Ukule. Usadwale. Ukhale ndi ng'ombe zambiri."

Thu! Thu!

Timalovu pachipewa cha Watipaso. Watipaso anangoyasamula.

"Zikomo, agogo," anatero Amayi.

"Koma ng'ombezo tiziika kuti?" anafunsa Abambo. "Pakhonde?"

Naserian anamasulira. Agogo anasekanso.

Chiku anaimirira. Anayandikira agogo pang'onopang'ono. Anaweramitsa mutu monga anachitira Naserian. Anatsinzina kwambiri.

Agogo anaika dzanja pamutu pake. Dzanjalo linali lofunda.

"Ukule. Usadwale. Ukhale ndi ng'ombe zambiri."

Thu! Thu!

Chiku anatsegula maso. Chiku sanalire. Chiku sanapukute. Chiku anamwetulira!

Kenako anatembenukira kwa mnzake.

"Pepa, Naserian. Tizisewerabe?"

Naserian anapisa m'thumba la jekete. Anatulutsa chibangili chija. Mikanda yofiira. Mikanda yoyera. Mikanda yabuluu. Anamuveka Chiku pamkono.

"Muyende bwino, agogo!" anatero Chiku.

"Tiyeni, muchedwa kusukulu," anatero Amayi.

Panja mvula inali isanasiye. Ndege inadutsa pamwamba. Chiku anatsegula ambulera. Naserian analowa. Anapanikizana ngati kale.

"Gwira bwino ambulerayo," anatero Chiku. "Mvula ingatichotsere mdalitso."