Loko wa Likhweru

Basi yomaliza ya ogwira ntchito inachoka pageti la mgodi nthawi ya leveni koloko usiku, Changu mulibe. Munthu amene anapatsidwa dzina chifukwa chopupuluma, tsiku limenelo anasiyidwa chifukwa chozengereza. Anabwerera pansi katatu konse kukagwedeza loko wake, ngati mayi wokayika ngati wazimitsadi moto. Pamene ankatulukira kumtunda anangoona nyali zofiira za basi zikukhota pakona. Mlonda anamuuza kuti angogona m'kanyumba ka pageti, koma iye anakana, nati akufuna akaone ana ake asanalowe ntchito ya m'mawa. Anakweza kolala ya jekete n'kuuyamba wapansi.

Makina amene ankagwirapo ntchito anthu ankawatcha Mfuko. Ndi chinthu chachitali ngati sitima, ndipo kutsogolo kwake kuli mutu wozungulira, waukulu kuposa nyumba, wodzaza mano achitsulo amene amaphwanya thanthwe n'kuboola njira pansi pa nthaka. Mano akatha, munthu amakwawa pakabowo kakang'ono n'kukalowa pakati pa mutuwo ndi thanthwe kukaika atsopano. Pamalo pake m'pothina moti sungatambasule manja onse awiri. Chomuteteza munthu ameneyo n'chimodzi chokha: loko wake, amene amakhoma pa swichi yaikulu, kiyi n'kuvala m'khosi. Loko akakhala pamenepo Mfuko sadzuka, ndipo lamulo lake n'loti wotsekula ndi mwini wake yekha.

M'mawa mwake wolowa anali Changu, koyamba chibwerereni pamgodiwu. Loko wake wofiira, wolembedwa nambala 38 ndi penti yoyera, anali atakhomeratu. Koma mtima unali m'malere.

Musamumvere chisoni msanga. Changu ankaopa chifukwa ankadziwa kuposa wina aliyense kuti loko amaduka. Zaka khumi ndi chimodzi m'mbuyomo, pamgodi womwewu, iyeyo ndiye ankayendetsa Mfuko wakale, ndipo wosintha mano anali mnzake wa ponda apa n'pondepo, Likhweru, munthu wosatha kumanga bawuti popanda kuimba kanyimbo ndi milomo. Tsiku lina gulu la Changu linatsala ndi mamita awiri okha kuti lipose gulu la masana. Loko wa Likhweru anali akadali pa swichi. Changu anaitana kawiri, palibe anayankha. Anadziuza kuti mnzakeyo wakwera kumtunda n'kuiwala loko, poti anachitapo kamodzi. Kukwawa kukasuzumira pakabowo kunamukulira mwana wa eni. Anatenga chodulira zitsulo, kudula lokoyo, n'kudina batani.

Mutu unazungulira masekondi anayi asanamve chimene anamvacho. Anazimitsa. Anzake akuthamangira kutsogolo, iye anathamangira kumbuyo, ndipo usiku womwewo anali atakwera lole yopita kutali. Mkazi wake anamutsatira patapita miyezi iwiri atanyamula ana ndi uthenga: Likhweru wapulumuka, waduka mkono umodzi, ndipo abale ake amutengera kwawo. Changu analira ndi chimwemwe tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo ankati akagona amadziuza kuti iye ndi wolakwa koma si wakupha, n'kupeza tulo. Kampani yakale inatseka, inabwera yatsopano ndi anthu atsopano, ndipo umphawi utamukwana anabwerera. Maso anali atayamba kufooka, ndiye mpando woyendetsera sanamupatse, anamupatsa sipanala. Sabata yonse sanafunse munthu aliyense za Likhweru.

Msewu wopita kunyumba za antchito umadutsa pakati pa milu ya miyala yophwanyika, kenako umawoloka kamlatho ka pamtsinje wa madzi akuda opopedwa mumgodi. Nyali za mumsewu zimathera pageti. Changu anayenda akumva majombo ake okha, ndi kiyi ikugunda pachifuwa. Anayesa kuganizira za mwana wake wamkazi amene ankalemba mayeso sabata yotsatira, koma maganizo ankangobwerera pa swichi.

Atatsala pang'ono kufika pamlatho anamva likhweru.

Anaima. Nalo linaleka. Anayenda mapazi atatu... linayambiranso, kanyimbo kochepa kokwera n'kutsika, kamene anali atakamva zaka zisanu ndi chimodzi tsiku ndi tsiku. Pachitsulo cha m'mbali mwa mlatho panakhala munthu, atavala ovolosi ya kampani yakale, nyali ya pachipewa ikuwala mofooka, yachikasu. Mkono wamanja wa ovolosiyo unkangolendewera, wopanda kanthu m'kati.

"Wachedwa," munthuyo anatero. "Siwe munthu wochedwa iwe."

Chinthu choyamba chimene Changu anamva si mantha, koma chisangalalo chopusa. Wamoyodi! Anavula chipewa n'kuyamba kulankhula mosalekeza, mawu amene anakhala akuwakonza zaka zonsezo. Anati anali mwana, anali wopusa, kapitawo ankawakakamiza. Anati anafuna kulemba kalata koma sankadziwa kotumiza. Munthu amene kale ankamutchula kuti iwe, tsopano ankamuti achimwene, ankamuti inu. Likhweru anangotsika pachitsulopo n'kuyamba kuyenda pambali pake, ngati mmene ankachitira kale akaweruka.

Mlathowo ndi wamatabwa okhuthala, ndipo munthu akamadutsa umalira. Unkalira majombo a munthu mmodzi.

"Unaitana kangati?"

"Kawiri, achimwene."

"Ndinamva. M'kamwa munali bawuti, dzanja lina sipanala, lina dzino. Ndimati ndilavule kaye ndikuyankhe."

Changu anapitiriza kuyenda. Kuchokera kwa mnzakeyo kunkabwera fungo la girisi ndi thanthwe lonyowa, fungo la pansi penipeni, losayenera kupezeka pamsewu. Anayesa kumuyang'ana kumaso koma nyali ya pachipewa ija inkamuthobwa.

"Kuchoka pampando wako kufika pakabowo ndi mapazi khumi ndi awiri," Likhweru anapitiriza, mawu ake osakwera osatsika. "Ndawerenga. Ndakhala ndi nthawi yowerenga."

Apa Changu anagwada, pakati pa mlatho, bambo wa ana atatu. Anati achita chilichonse. Akaulula kwa mabwana, akaulula kupolisi, amusunga kunyumba kwake mpaka imfa. Anatulutsa kiyi ya m'khosi n'kuionetsa, nati tsopano amalemekeza loko kuposa tchalitchi, ndipo mawa lomwelo akulowa yekha kutsogolo kwa mutu, akamve zimene mnzake ankamva. Ankaganiza kuti zimenezi zimufewetsa mtima. Anthu olakwa amakonda kuganiza kuti mantha awo ndi malipiro okwanira.

"Ndikudziwa kuti ukulowa mawa. N'chifukwa chake ndabwera. Kiyiyo sunga, ndi yako. Ine za makiyi ndinaleka, unandiphunzitsa njira yachidule."

Ndiye nthaka inayamba kunjenjemera.

Zinayambira m'mawondo. Matabwa a mlatho ananthunthumira, timiyala tinagwera m'madzi. Kuchokera pansi, pansi kwambiri, kunamveka kubuula kumene Changu akanakuzindikira ngakhale ali m'tulo. Mfuko! Mfuko wadzuka! Koma pansi panalibe munthu. Gulu la usiku analipumitsa. Swichi inali yokhoma... anaikhoma yekha... anagwedeza katatu...

Pakamwa pake panayamba kuwerenga pokha. Imodzi. Ziwiri. Zitatu. Zinayi.

Zii.

"Amenewo ndi anayi ako aja," anatero Likhweru. "Mawa sindizimitsa."

Maganizo amodzi okha ndi amene anamubwerera Changu, omwe aja a zaka khumi ndi chimodzi zapitazo: lole, usiku womwe uno, kutali. Koma Likhweru anawerama mpaka fungo lija linamudzaza m'mphuno.

"Usaganize za lole. Njira ya Mfuko ikudutsa pansi pa nyumba zanu, ndipo kumukweza mutu pang'ono si ntchito. Ana ako amagona chipinda cha kum'mawa, wamng'onoyo pafupi ndi khoma. Ukapanda kubwera kwa ine, ndibwera kwa iwe."

Anamuikira kanthu m'dzanja, kokulungidwa m'kansanza kamafuta, kozizira ngati katuluka m'madzi. Kutsogolo kunatulukira nyali za lole yonyamula miyala. Changu anasendera m'mbali n'kutseka maso chifukwa cha kuwala, lole inadutsa ndi fumbi lake, ndipo atatsegula anali yekha pamlatho. Kutali, cha kumgodi, kanyimbo kaja kankatsika pang'onopang'ono, ngati munthu amene akulowa pansi.

Anathamanga. Anagwa, anadzuka, anathamanganso. Jombo imodzi inatsala m'matope. Agalu a kunyumba zoyambirira anauwa, kenako onse analeka nthawi imodzi. Sanacheuke.

Koma munthu akamathamanga nzeru zimabwerera, ndipo pofika pamzere wa nyumba zawo Changu anali atayamba kudzilimbitsa mtima. Likhweru ndi munthu, wopweteka mtima, wa mkono umodzi. Ali ndi mnzake m'kati amene wayatsa makina, basi. Munthu amagwidwa. Munthu amaletsedwa pageti. Akadzutsa kapitawo, aike alonda awiri pa swichi, ndipo iye alowa n'kutuluka wamoyo. Ngakhale nkhani yakale iululike, bola ndende kusiyana ndi mano a Mfuko. Anafika pakhomo atatsala pang'ono kumwetulira.

Mkazi wake anatsegula atafunda bulangete, nayatsa getsi la pabalaza. Patebulo panali mabuku a mtsikana uja, otsegula, ndi mbale yovundikira imene anamusungira. Chitseko cha chipinda cha ana chinali chotsekuka pang'ono, ndipo munkamveka kupuma kwawo. Changu anafotokoza zonse ali chiimire, akupumira m'mwamba. Anati Likhweru wabwera, wamuona ndi maso ake pamlatho, akufuna kubwezera, ndiye amupezere nsapato zina msanga apite kwa kapitawo kusanache.

Mkaziyo sanapite kukatenga nsapato. Anagwira mpando n'kukhala pang'onopang'ono.

"Mwati mwaona ndani?"

"Likhweru. Ndi mkono wake umodzi, monga unanenera."

Mkaziyo anayang'ana kansanza kamene mwamuna wake anali atafumbatabe osadziwa. Changu anakatambasula patebulo, pambali pa mabuku. Munali loko wofiira, nambala 38, chitsulo chake chodulidwa bwinobwino. Kiyi inali ikadali m'khosi mwake.

"Bambo a ana," mkaziyo anatero motsitsa mawu kuti ana asadzuke, "za mkono zija ndinapeka ine. Nditakupezani munali musakudya, musakugona, mukungoyang'ana chingwe cha kudenga. Ndinali ndi ana awiri ndi mimba. Ndikanatani?"

"Ukunena chiyani iwe?"

Misozi inkatsika m'masaya mwa mkaziyo koma mawu ake sanagwedezeke. Anati anamuletsa mwamuna wakeyo kubwerera kuno, anamupempha mpaka kugwada, koma chifukwa chake sakanatha kuchitchula. Anati zaka zonsezi wakhala akuopa tsiku limene adzakumane ndi munthu wodziwa.

"Likhweru anafera pomwepo, tsiku lomwelo. Ndinapita kumaliro, ndinakhala pafupi ndi mkazi wake. Bokosi lake analinyamula anthu awiri okha, ndipo silinawalemere."

Changu anakhala pansi, pasimenti, jombo imodzi kuphazi. Kwa kapitawo kunalibenso chokanena. M'chipinda cha kum'mawa wamng'ono uja anatembenuka, nagunda khoma ndi chigongono, n'kupitiriza kugona. Wotchi ya pakhoma inkati nthawi yangopitirira thuu koloko. Basi yopita kumgodi imafika faifi.