Chitsime Cholavula Thovu Loweruka

Alinafe anali mtsikana wa sitandade 3. Ankakhala paphiri, kufupi ndi Malomo. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kufika kusukulu belu lisanalire.

M'mawa uliwonse Alinafe ankatunga madzi. Chitsime chinali kumunsi kwa phiri. Chinali patsinde pa mkuyu waukulu. Sipanali patali ayi. Kutsika, kutunga, kukwera, basi. Kenako yunifolomu. Kenako liwiro.

Pachitsimepo panali achule. Anali aphokoso ngati msika wa pa Mponela.

"Mwadzuka bwanji, achule?" Alinafe ankawapatsa moni.

"Kololo! Kololo!" achule ankayankha.

Chaka chimenecho abambo ake, a Malizani, anafolera nyumba ndi malata. Nyumba inavala chipewa chonyezimira. Koma mvula ikagwa, madzi apadenga ankakumba m'mbali mwa khoma.

A Malizani anatenga khasu. Anakumba ngalande. Ngalande inadutsa kuseri kwa nyumba. Inalowa m'chimanga. Kumene inathera, palibe anafunsa.

"Ngalande yanga iyi!" ankatero a Malizani, manja m'chiuno. "Yowongoka ngati msewu wa tala!"

Alendo akabwera, ankayamba aona ngalande. Mpando pambuyo.

Loweruka linali tsiku lochapa. Mudzi wonse unkachapa zovala za kutchalitchi. Amayi a Alinafe ankachapira pamwala wa pabafa. Anachapa malaya oyera a bambo. Anachapa kabudula wa Filipo, mlongo wake wamng'ono wa Alinafe. Anachapanso diresi la Alinafe.

Diresi litauma, batani limodzi panalibe. Linali batani lofiira, la timabowo tinayi. Alinafe anafunafuna pamwala. Anafunafuna m'matope. Batani osaoneka.

Madzulo a Loweruka lomwelo, Alinafe anatsikira kuchitsime. Chifunga chinali chitaphimba phiri. Mkuyu unaima wakuda bii.

"Mwaswera bwanji, achule?"

Zii.

"Achule inu, mwaswera bwanji?"

Zii.

Alinafe anasuzumira m'chitsime. Madzi anali otuwa mbuu. Pamwamba pake panali thovu. Thovu linkazungulira pang'onopang'ono, lokha. Mphepo kunalibe.

Kenako anamva mawu. Ankachokera m'mizu ya mkuyu.

Kudyu. Kudyu. Kudyu.

Anali ngati munthu akumeza madzi. Koma munthu panalibe.

Alinafe anasiya ndowa. Anasiya nkhata. Anakwera phiri ngati mbuzi yoona mpeni.

Lolemba madzi anaoneka bwinoko. Anthu anatunga, anamwa. Loweruka lotsatira, thovu linabweranso. Loweruka linalo, thovu linabweranso. Achule sanabwerere.

Kenako Filipo anayamba kudwala m'mimba. Ankathamangira kuchimbudzi atagwira kabudula. Musaseke, sizinali zoseketsa. Chabwino, sekani pang'ono. Amayi anamutengera kuchipatala, ndipo anapeza bwino.

Amayi a m'mudzi anakumana panjira. Mayi Roza, a nyumba yoyandikana ndi ya a Malizani, ndiwo analankhula kwambiri. Iwo pakamwa sipankauma.

"Anzanga, m'chitsime muja muli chinthu," anatero Mayi Roza. "Bwanji thovu limabwera Loweruka lokha? Chinthucho chimadana ndi Lamulungu. Chikaona tikukonzeka, chimalavula."

"Eee! Zoona!" anavomera ena.

"Lolemba titseke ndi minga. Tizikatunga kumjigo," anatero Mayi Roza.

Alinafe anamva zonse. Mjigo unali kuseri kwa mapiri awiri. Mzere wa ndowa kumeneko unali wautali. Belu lizidzalira iye ali pamzere. Tsiku lililonse. Chaka chonse.

Lamulungu m'mawa, Alinafe anatsikanso. Ankafuna kukatsanzika achule. Mwina mmodzi anali atatsala.

Chifunga chinali chambiri kuposa kale. Udzu unali wonyowa. Mbalame zinali chete. Alinafe ankangomva mapazi ake okha.

Anafika pamkuyu. Anasuzumira m'chitsime.

M'mbali mwa madzi munali kanthu kofiira. Kanali kumuyang'ana ndi timaso tinayi.

Alinafe anazizidwa msana wonse. Anatambasula dzanja. Anatola kanthu kaja.

Linali batani lake.

"Mayo!" ananong'ona. "Chinthu chija chinafika kwathu. Chinagwira diresi langa."

Kudyu. Kudyu. Kudyu.

Miyendo inati, tiye tithawe. Koma mutu unati, taima kaye.

"Batani lilibe miyendo," anatero Alinafe. "Batani lilibe mapiko. Nanga lafika bwanji kuno?"

Anazungulira mkuyu monyang'ama. Kuseri kunali mdima. Kunali mizu yopiringizana ngati zala za munthu. Pakati pa mizu panali kabowo. Timadzi totuwa tinkalowa m'kabowomo.

Kudyu. Kudyu. Kudyu.

Alinafe anagwada. Ananunkhiza timadzi tija. Tinkanunkha sopo.

"Ha! Chinthu chosamba ndi sopo?"

Timadzito tinkachokera kumtunda. Tinkayenda mobisala pansi pa udzu. Alinafe anatitsatira.

Anakwera. Anadutsa m'udzu wautali. Anakwera. Anadutsa m'chinangwa. Anakwera. Analowa m'chimanga. Masamba a chimanga ankamukhudza m'khosi ndi manja ozizira. Kutsogolo chifunga. Kumbuyo chifunga.

Mwadzidzidzi anaima nji!

Kutsogolo kwake kunali munthu woyera mbee. Anali m'mwamba, osaponda pansi. Manja anali atatambasula. Miyendo analibe. Mutu analibe.

Dzanja limodzi linagwedezeka. Linali ngati likumuitana.

Alinafe anafuna kukuwa. Anafinya batani m'manja. Anatseka maso.

"Mee-ee!" inalira mbuzi.

Alinafe anatsegula diso limodzi. Mbuzi imeneyo ankaidziwa. Anatsegula diso linalo. Munthu wopanda mutu uja ankamudziwanso.

Anali malaya a abambo ake, ali pachingwe!

Alinafe anali kuseri kwa nyumba yawo. Anayang'ana pansi. Mapazi ake anali m'ngalande. Ngalande inadutsa pakhola la mbuzi. Inakafika pabafa. M'bafamo amayi anali kumusambitsa Filipo. Madzi a sopo ankatuluka pansi pa mpanda. Ankalowa m'ngalande. Ankatsika phiri.

"Ababa! Amayi!" anafuula Alinafe. "Chinthu chija ndachipeza!"

A Malizani anatuluka, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja.

"Chili kuti? Usachiyandikire!"

"Ndife, ababa. Chinthucho ndife."

Anawaonetsa batani. Anawauza za kabowo. Anawauza za ngalande.

A Malizani anapukusa mutu. "Iwe mwana, ngalande yanga imathera m'chimanga."

"Munaitsatirapo, bambo ake Alinafe?" anafunsa amayi.

"Kuitsatira bwanji? Ndinakumba ndine!"

"Mvula inapitiriza pamene munalekezera, ababa," anatero Alinafe. "Tiyeni tiyese. Tiponyemo makoko a mtedza."

Atabwerako kutchalitchi, mitambo inada. Amayi anatsala pabafa ndi lichero la makoko. Alinafe, Filipo ndi abambo anatsikira kuchitsime. Mayi Roza anawatsatira. Nkhani kuwadutsa iwo? Sizingatheke.

Anaima pansi pa mkuyu. Mvula inayamba. Inagwa, inagwa, inagwa. Kumtunda amayi anathira makoko m'ngalande. M'chitsime munali bii.

Kenako mawu aja anabwera. Lero anali aakulu.

KUDYU! KUDYU! KUDYU!

"Ndi chimenecho!" anakuwa Mayi Roza. Anamanga chitenje kuti athawe.

"Dikirani, amayi," anatero Alinafe. "Taonani."

M'mizu munatuluka khoko limodzi la mtedza. Linayandama ngati kabwato. Linatuluka lachiwiri. Linatuluka lachitatu. Kenako makoko mbwee, chitsime chonse!

Pambuyo pa makoko panabwera matope. Pambuyo pa matope panabwera timipira takuda.

"Achemwali, mtedza wakuda uwu ndi wanji?" anafunsa Filipo.

"Si mtedza umenewo, Filipo. Ndi za mbuzi."

Mayi Roza anagwira pamimba. "Mayo ine! Tiyi wanga wa dzulo uja!"

A Malizani anavula chipewa. Mvula inawanyowetsa dazi.

Mayi Roza anawatembenukira. "A Malizani, mwatimwetsa zosamba zanu! Mudzi wonse! Ndi ngalande yanu ya tala ija!"

Pomwepo m'mizu munatuluka kanthu kena. Kanali kobiriwira, kothyoka mano atatu. Filipo anakavuula ndi kamtengo.

"Mayi Roza, si chipeso chanu chija ichi?"

Mayi Roza anayang'ana chipeso. Anayang'ana kumwamba. Anakhosomola. Paja iwonso anali atakumba kangalande kuchokera pabafa lawo. Anakalumikiza ku ngalande ya a Malizani. Anachita zimenezo mwakachetechete.

"Zipeso zimafanana," anatero Mayi Roza. Koma anachitenga. Anachibisa m'chitenje.

A Malizani anayamba kuseka. Alinafe anaseka. Filipo anaseka mpaka kukhala pamatope. Mapeto ake Mayi Roza nawonso anaseka.

Lolemba anthu sanabwere ndi minga. Anabwera ndi makasu.

Pabafa lililonse anakumba dzenje. M'dzenjemo anadzaza miyala. Madzi a sopo ankalowa m'miyala. Ankamwerera pansi pomwepo. M'mbali mwake anabzala nthochi.

"Nthochi siinyansidwa," anatero amayi. "Imamwa zosamba, n'kutipatsa mkoko."

Pansi pa denga a Malizani anaika mgolo. Anapinda lata lakale kuti lizitsogolera madzi. Mvula ikagwa, mgolo unkadzaza. Amayi ankauvundikira bwino chifukwa cha udzudzu. Madzi ochapira anali pakhomo pomwepo.

Ngalande ija anaidula m'malo ambiri. Anabzala udzu wa vetiva mopingasa. Madzi a mvula analeka kuthamanga. Anayamba kukhala pansi m'munda. Chimanga chinamwa. Ndowe za mbuzi anazituta, zinakakhala manyowa.

Chitsime anachikapa. Anachotsa matope onse. Anatseka kabowo ka m'mizu. Anamanga miyala kuzungulira.

"Tichisiye chipume masabata awiri," anatero amayi. "Ndipo madzi akumwa tiziwiritsa."

Alinafe anadandaula. "Ndiye ndizipita kumjigo?"

"Iwe uzipita kusukulu," anatero a Malizani. "Kumjigo ndizipita ndine. Ndinakumba ndine."

M'mawa uliwonse a Malizani ankamanga zigubu panjinga. Ankaima pamzere ndi amayi a kumjigo. Amayiwo ankawafunsa, "Bambo, ngalande ili bwanji?" Iwo ankangoyang'ana matayala.

Masabata awiri anatha. Loweruka linafika. Mudzi wonse unachapa. Madzulo banja lonse linatsikira kuchitsime.

Chifunga chinaliponso. Mkuyu unaima wakuda bii. Alinafe anasuzumira. Thovu panalibe. Madzi anali oyera. Anaona nkhope yake. Anaona mchenga wapansi.

Anatchera khutu kumizu. Zii.

"Mwaswera bwanji, achule?" anafunsa chapansipansi.

Zii.

Alinafe anaweramitsa mutu. Amayi anamugwira paphewa. A Malizani anawerama kuti atunge.

Mwadzidzidzi kanthu kozizira kanawagwera paphazi. Kanali konyowa. Kanali ndi maso awiri otong'oka.

"Mayooo! Chandigwira!" anakuwa a Malizani. Analumpha. Ndowa uko, chipewa uko!

Kanthu kaja kanafufumitsa khosi.

"Kololo!"

Wina anayankha m'udzu. "Kololo! Kololo!"

"Ababa, musathawe," anatero Alinafe. "Akukupatsani moni. Ayankheni."

A Malizani anatola chipewa. Anawerama mwaulemu. "Ndaswera bwino, achule. Kaya inu? Pepani chifukwa cha sopo uja."

Madzulo omwewo amayi anasokerera batani lofiira padiresi. Analisoka ndi ulusi wowirikiza kuti lisapitenso kokayenda.

Lolemba m'mawa Alinafe anatsika, anatunga, anakwera. Kenako yunifolomu. Kenako liwiro. Anafika kusukulu. Anakhala pansi. Anapukuta thukuta. Anatulutsa pensulo.

Ndipo pamenepo m'pamene belu linalira.