Tsamba Lotsomeka Padenga la Emelia

Dzuwa linali litapendeka pamene Emelia anatsekera mbuzi m'khola n'kuyamba kusesa ndowe zake pabwalo. Sankataya ngakhale kambulu kamodzi. Ankazikundika m'dzenje kuseri kwa nkhokwe kuti ziwole, pakuti ndowe zimenezo ndizo zinali mankhwala ake. Chinali chaka chachiwiri chipitire chimfine chija chinapulula anthu m'chigwa cha Shire, ndipo kuyambira kwa Kasisi mpaka kumidzi ya m'mphepete mwa dambo lalikulu, panalibe wodziwa matenda a mbewu kuposa mayi ameneyu. Mwini wake ankanena zimenezi asanafunsidwe n'komwe.

Ife a kuchigwa sitidikira mvula yokha ngati anzathu a kumtunda. Madzi osefukira akaphwa timatsikira kumadimba, n'kukumba mapando akuya mpaka mkono wonse kulowa, kuti mbewu ikagone pa chinyezi. Chimanga cha m'dimba ndicho chimaolotsa banja m'miyezi ya dzuwa. Ndiye tsamba likachita chikasu, mtima wa mwini munda nawo umachita chikasu, ndipo nthawi imeneyo anthu ankathamangira kwa Emelia.

Iye ankangoyang'ana kamodzi. Chikasu chikayambira masamba a m'munsi, kuchokera kunsonga kutsata mtsempha wapakati, ankati nthaka ili ndi njala, thirani ndowe zowola. Tsamba likauma m'mphepete ngati lawauka ndi moto, ankalamula phulusa. Phesi lonse likatumbuluka mizu ikununkha, ankati madzi achuluka, kumbani ngalande. Likachita mizeremizere, ankati zulani mutenthe lisanapatsire anzake. Akapeza utuchi pamtima pa chimanga, ankatulutsa mbozi ndi kamtengo n'kumuonetsa mwini munda pamphuno. Koma anali ndi chizolowezi chimodzi chomwe ankati chimamusiyanitsa ndi ongolota: m'munda uliwonse ankathyolamo tsamba limodzi lodwala, n'kukalitsomeka mu udzu wa denga la pakhonde pake, kuti m'mawa aliunike padzuwa ndi kutsimikiza. Akaliunika ankalibwezera pomwepo n'kuliiwala.

Madzulo amenewo, atatha kusesa, anatulutsa tsamba m'chiuno n'kulitsomeka. Mwamuna wake, Simoni, munthu wosalankhulalankhula, anali pakhonde akusoka ukonde. Anafunsa funso lake la masiku onse, kuti limeneli ndi la kwa yani. Emelia anayankha kuti ndi la kwa Fernando, msodzi wa kudooko, yemwe amadziwa nsomba koma chimanga amachilera ngati mwana wamasiye. Simoni anangogwedeza mutu.

Dimba la Fernando linamva ndowe zomwe Emelia anamuuza kuti athire. Masiku asanu masamba anayamba kubwerera mtundu, ndipo Emelia anauza mudzi wonse. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, dzuwa lili paliwombo, munda wonse unachita chikasu kuyambira kumtunda kutsika pansi, mzere ndi mzere, anthu akuona. Emelia anazula phesi: mizu yoyera, yopanda bala. Analing'amba: munalibe mbozi. Anapisa dzanja m'phando: chinyezi chili bwinobwino. Chikasu cha mtundu umenewo anali asanachionepo, koma sanavomere. Anati Fernando anachulutsa ndowe.

Madzulo ake maso a Fernando anali achikasu. M'mawa mwake zikhato. Ankamwa madzi chikho ndi chikho koma ankadandaula kuti akumva ngati wina akumutafuna ngati nzimbe. Omudwazika ankati akamutembenuza pamphasa khungu lake linkalira tswaa, ngati mapesi ouma. Ndipo m'nyumba monse munkamveka fungo la chimanga chachiwisi chosenda kumene, fungo lokoma, lomwe linkachititsa nseru aliyense wolowamo. Tsiku lachinayi anamwalira. Onyamula maliro ananong'onezana kuti thupi linali lopepuka ngati dengu lopanda kanthu.

Kenako Justina, mayi wa ana atatu, yemwe Emelia anamuuza zokumba ngalande. Kenako Sebastiano, wa phulusa. Onse njira imodzi: munda kuchira pang'ono, munda kufa masanasana, mwini munda kuutsatira, fungo lomwe lija. Anthu anasiya kumuitana Emelia. Ena odutsa m'mbali mwa dimba lake masana, mphepo kulibe, ankati masamba ake amasokosera okha ngati anthu ambiri akunong'onezana. Dimba limenelo lokha ndilo linali lobiriwira bii pakati pa minda yofota.

Kudooko akazi ankangoti zii iye akafika. Esinala yekha, mnzake wa pachinamwali yemwe sankamuopa, ndiye anatsegula pakamwa.

"Koma dimba lanu, mayi a Priska. Kaya mvula imagwa pa inu nokha."

"Mvula yake ndi manja awa," anatero Emelia, akutsuka mtsuko. "Mukanawapempha bwenzi atakuphunzitsani."

"Owapempha tikuwaika m'manda."

Emelia anasenza mtsuko wake khosi lili njo, n'kubwerera kunyumba.

Mwa ana ake onse anali atatsala ndi mmodzi, Priska. Awiri anapita ndi njala ya kale, wina ndi chimfine. Priska anakwatiwa pamudzi pomwepo ndipo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Tsiku lina Emelia akudutsa m'dimba la mwana wakeyo anaona masamba atatu a m'munsi ali chikasu kunsonga. Inali njala ya nthaka chabe, yoti dengu limodzi la ndowe likanaithetsa. Koma manyazi anamugwira. Mwana wa Emelia, chikasu m'munda? Esinala akanamva akanaseka mpaka kugwa. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuthyola tsamba limodzi, n'kulibisa m'chiuno.

Madzulo Simoni anafunsa funso lake lija. Emelia, posafuna kuti ngakhale mwamuna wake adziwe, anati ndi la kwa Esinala. Simoni anayang'ana tsambalo nthawi yayitali, n'kupitiriza kusoka.

Patapita masiku asanu ndi limodzi, Priska anabwera m'mawa kudzapempha moto, akudandaula ludzu. Atatambasula dzanja kuti alandire chikuni, Emelia anaona chikhato chili chachikasu. Anamugwira chibwano n'kumutembenuzira kudzuwa. Maso nawo anali atayamba. Ndipo pakhosi pa mwana wake, pomwe ankamununkhiza ali khanda, panamveka fungo la chimanga chachiwisi.

Anamugoneka pamphasa n'kutuluka kukatenga tsamba lija kuti aliunikenso, mwina pali chomwe anaphonya. Anapisa dzanja mu udzu. Palibe. Anafufuza denga lonse la khonde. La Fernando palibe, la Justina palibe, la Sebastiano palibe. Masiku onse ankaganiza kuti masamba ake akale ali momwemo akuuma. Mbuzi sizikanafika pamenepo. Anatembenuka kuyang'ana pomwe Simoni ankakhala. Ukonde unali pansi, mwini wake kulibe.

Pamenepo Emelia anachita chinthu chomwe anali asanachitepo chiyambire: anapita kukayang'ana munda wake womwe ngati munda wodwala. Dzuwa linali likuswa mtengo, nyenje zikulira. Atalowa m'dimba nyenje zinaleka. Anaona kuti kubiriwirako sikunali kofanana. M'mphepete chimanga chinali chamtundu wa masiku onse, koma mzere uliwonse wolowera m'kati unali woderako, mpaka masamba kuoneka ngati akuda. Ankadontha madzi masanasana. Dontho lina linamugwera pamkono, lofunda ngati thukuta. Manong'onong'o aja anamuzinga mbali zonse, ndipo mkati mwake munali kakhosomo kouma komwe mudzi wonse unkakadziwa, ka Fernando.

Anatsata mtunduwo monga ankatsatira matenda, mpaka pakati pa munda pomwe mapesi anatalika kuposa denga la nyumba. Pamenepo dothi linali lofewa. Anakumba ndi manja. Anapeza kamphika kovundikira ndi phale, kotentha ngati kachoka pamoto. M'kati munali masamba anayi, lililonse lomangidwa ndi luzi. Atatu, omwe iye anawathyola ali achikasu, anali obiriwira, onenepa, ngati akadali paphesi. Lachinayi linali litabiriwira theka, ndipo mtunduwo unkayenda pang'onopang'ono kulowera kunsonga iye akuona.

"Musauswe mphikawo."

Simoni anali ataima pakati pa mizere, khasu paphewa. Sanaoneke wokwiya. Anafotokoza ndi mawu ake ofatsa aja kuti mphikawo ndi mfumba, mankhwala okokera mphamvu ya minda ya eni kumunda kwako. Anautenga kwa munthu wina wa m'kati mwa dambo chaka chomwecho, atalumbira pamanda a ana ake kuti nyumba yake sidzaonanso njala. Anauzidwa kuti ukoka za m'nthaka zokha. Fernando atamwalira anazindikira kuti umakokanso munthu amene anaponya mbewu m'phando. Anafuna kuleka, koma mphika ukakhala osadya unkalira, ndipo masamba anali pomwepo padenga, obwera okha ndi mkazi wake.

"Munkati munda wa Emelia sungachite chikasu," anatero. "Mumayesa ndi ndowe za mbuzi zokhazo?"

Mawu amenewo anamulasa Emelia, koma panalibe nthawi yomva kuwawa. Ananyamula tsamba lachinayi lija m'mwamba.

"Ili mukulidziwa mwini wake, bambo a Priska?"

"La Esinala. Munatero ndinu."

"Ndinanama."

Simoni anayang'ana tsambalo, kenako nkhope ya mkazi wake. Khasu linatsetsereka paphewa n'kugwa. Anakhala pansi padothi ngati wathyoka msana. Patapita nthawi anati kuswa mphika sikungathandize, ukasweka umapita ndi aliyense amene ali m'katimo akupumabe. Kuchotsa tsamba kokha sikungathandizenso, chifukwa luzi lamangidwa kale. Mphika umabweza pokhapokha walandira lina m'malo mwake, la munthu wamoyo, dzuwa lisanalowe.

"Dimba la Esinala lili pafupi," ananong'ona, osadzutsa mutu.

Emelia anaimirira n'kuyang'ana munda wawo. Anaudzala awiri, iye ndi mwamuna wake, tsiku limodzi, mbewu imodzi. Wina aliyense sakanasiyanitsa. Koma iye ankaponya njere zitatu paphando, osapitirira, ndipo ankadzitama nazo. Simoni, ndi mantha ake a njala, ankaponya zisanu, ndipo chaka ndi chaka ankakangana za zimenezo. Kumanzere kwake kunali phando la mapesi atatu. Kumanja, la mapesi asanu othinana.

Dzanja lake linayamba lapita kumanzere. Linakhudza tsamba, n'kuima. Anakumbukira kuti Priska adzafuna munthu womugwira msana tsiku lochira, ndi womusambitsira khanda. Anatembenukira kumanja, n'kuthyola. Anamasula luzi patsamba la mwana wake, n'kumanga nalo latsopanolo, n'kuliika mumphika, n'kuvundikira. Manong'onong'o aja analeka nthawi yomweyo.

Simoni anaona zonsezo osatambasula dzanja.

"Mwawerenga bwino, mayi a Priska," anatero. "Simuphonya inu."

Anadzuka, n'kusiya khasu pomwepo, n'kulowera kudooko. Akazi otunga madzi anamuona akukankha bwato lake opanda ukonde, akupalasa kulowera m'mabango osacheuka.

Emelia atafika kunyumba anapeza Priska atakhala tsonga akupempha phala. Pofika m'mawa maso anali atayera. Dimba lake linangofuna dengu limodzi la ndowe, monga mayi ake anaonera poyamba. M'munda wa Emelia namo, mapando onse a mapesi asanu anauma tsiku limodzi, a mapesi atatu n'kutsala ali chiimire, munda kuoneka ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Tsiku lachisanu asodzi anapeza bwato la Simoni litakodwa m'mabango. Munalibe munthu. Munali masamba a chimanga ouma, achikasu, odzaza mpaka m'milomo, ndi nsalu yake ya m'chiuno pamwamba.

Tsiku lomwelo Emelia anatenga mwala n'kupita kukaswa mphika uja, poti tsopano munalibe wopuma m'katimo. Anapeza dzenje lili pululu. M'mbali mwake munali mapazi osavala, aang'ono kuposa a Simoni, olowera kunjira ya kumudzi komwe mapazi a anthu onse amasakanikirana.

Priska anachira mwana wamkazi mvula yoyamba itagwa. Anthu pang'onopang'ono anayambanso kumuitana Emelia, pakuti chikasu cha njala ya nthaka sichinathe m'chigwa, ndipo wodziwa ngati iye panalibe. Koma ankalowa m'minda ya eni manja ali kumbuyo, osathyola kanthu, ndipo zodzitama zija zinatha. Madzulo aliwonse, akatsekera mbuzi, ankatsikira kudimba kwake n'kuyenda phesi ndi phesi, kuwerenga masamba.

Chaka chotsatira, chimanga chitamasula ngayaye, anaima pa phando lina la mapesi atatu pafupi ndi njira. Paphesi lapakati panali bala laliwisi, likudontha madzi, pomwe tsamba linali dzulo lake. Anaima pamenepo mpaka mbalame zinaleka kulira. Kenako anatambasula manja ake onse awiri, n'kuyang'ana zikhato pa kuwala komwe kunatsala.