Kagalimoto ka Dailes ndi Misi Iwiri

Dailes anakankha kagalimoto kake. Kanali ka thabwa. Atate ndiwo anamusemera. Kanatsika kanjira ka kuseri kwa nyumba. Gudugudu!

Ana a kwawo ku Kapata analibe wotchi. Ankawerenga kulira kwa musi. Pabwalo ankasinja chimanga. Du! Du! Du!

"Kamodzi, kawiri, katatu," Dailes anawerenga. Kagalimoto kanafika pamtengo wa mango. "Kakhumi!"

Luka anaseka. Luka anali msuweni wake wa ku Mwami. Anabwera kudzacheza ndi amayi ake, Azakhali Edita.

"Kakhumi?" anatero Luka. "Imeneyo ndi ngolo ya ng'ombe! Yanga kwathu imafika pa kasanu."

"Bodza! Iyese pano."

"Toto. Yanga ikupuma."

Luka anabisa galimoto yake m'malaya.

Loweruka lotsatira kunali chikondwerero cha ufulu kusukulu. Kunali mpikisano wa timagalimoto. Banja lililonse linkaloledwa galimoto imodzi. Atate anati ipite yothamanga kwambiri. Dailes ankafuna kuti ipite yake.

Dailes sanakhale pansi. Anapala mawilo pamwala. Anakwera pamtunda. Anakankha. Anawerenga. Kakhumi!

Anawongola misomali. Anakwera. Anakankha. Anawerenga. Kakhumi!

Anapaka sopo m'mawilo.

"Iwe Dailes, sopo wanga!" anakuwa Amama.

Anakwera. Anakankha. Anawerenga. Kakhumi basi!

"Msuweni, ndikubwereke ng'ombe zokokera?" anatero Luka.

Dailes anatola kagalimoto kake. Anathamangira pabwalo. Misozi inali pafupi. Anakhala. Anaimirira. Anakhalanso.

Du-du! Du-du! Du-du!

Dailes anayang'ana. Mtondo unali umodzi. Misi inali iwiri. Amama akakweza, Azakhali ankatsitsa. Azakhali akakweza, Amama ankatsitsa.

Dailes analumpha.

"Azakhali! Kwanu mumasinja ndi ndani?"

"Ndekha, mwanawe. Msuweni wakoyu amandithandiza kudya kokha."

"Luka, bwera kuno! Kwanu musi ndi umodzi. Kuno misi ndi iwiri. Kuno ikulira msangamsanga! Kakhumi kuno ndi kasanu kwanu!"

Luka anakanda kumutu.

"Komabe kasanu ndi kasanu," anatero.

Azakhali anatsamira musi wawo.

"Kasanu ka pachulu kaja? Chulu chake n'chachifupi ngati mwendo wangawu. Njira ya Dailes ndi yaitali."

Amama anapukuta manja.

"Phokoso basi. Tengani magalimoto onse awiri. Njira imodzi, nthawi imodzi. Fulumirani, chimanga chikudikira."

Anakwera onse pamtunda. Luka anatulutsa galimoto yake. Dailes anaika yake pambali pake. Azakhali anakaima pamango.

Amama anaomba m'manja. Phwa!

Gudugudu! Ya Luka inatsogola. Gudugudu! Ya Dailes inayandikira. Zinafanana. Zinagundana. Nkhuku zinathawa.

"Thamanga! Thamanga!" anakuwa Dailes, naye akuthamanga.

Ya Dailes inagunda mtengo. Ya Luka inafika pambuyo pang'ono.

"Ya Dailes!" anatero Azakhali.

Luka anatola galimoto yake. Anaipukuta fumbi.

Dailes anamugwira dzanja.

"Loweruka ine ndidzakankha. Iwe udzaime kumapeto, udzaigwire. Anyamata a kusukulu amaponda magalimoto."

"Aiponde aone!" anatero Luka. Kenako anamwetulira. "Sopo uja watsalako?"

"Sopo wanga ayi!" anatero Amama.

Onse anaseka. Atate atabwera, ana awiriwo anawathamangira. Aliyense ankafuna kuyamba kufotokoza.

Tsono ana inu, Dailes anakwera mtunda uja kangati? Miyendo inamuwawa pachabe. Inu musatero. Mukafuna kudziwa yothamanga, musakangane tsiku lonse. Ikani zonse panjira imodzi, mukankhe limodzi.