Mwana Wokoka Mawu

Kodi mwana wa zaka zitatu angaphunzire kuti kulankhula ngati nkhalamba yodwala? Funso limeneli lidasowa woyankha, kuyambira bambo wa mwanayo mpaka apongozi.

Mayi wake adazindikira Lolemba akumusambitsa. Kamtsikana kolongolola ngati wailesi kadangoti zii, kenaka kadati, "Maaadzi... ndipaaatseni maaadzi."

"Akungokoka mawu ameneyu," adatero anesi atamuyeza. "Thupi silikutentha. Akutengera munthu wina. Kwanuko alipo wolankhula mokoka chonchi?"

Padalibe. Banjali linkachita lendi chipinda chimodzi, ndipo choyandikana nacho chidali chokhoma ndi loko wamkulu. Alandilodi, mayi wosaseka ndi munthu, ankati mudali katundu wa amuna awo, amene adawatumiza kumudzi atafa ziwalo.

Usiku wotsatira mayi wa mwana uja adadzidzimuka, mwana palibe pamatiresi. Adamuona mumdima atagwada pambali pa kabati, akunong'oneza khoma.

"Bambo ake, tadzukani. Kukhomaku kuli mawu."

"Gonani inu, ndi makoswe."

"Makoswe adayamba liti kupempha madzi?"

Lachitatu usiku mayiyo sadatseke diso. Malata ankathetheka ndi kuzizira, kwinaku mpopi wa panja ukudontha. Kenaka china chake chidakanda khoma pang'onopang'ono, ndipo padamveka mawu olemera a munthu wamkulu: "Mwanaaanga... maaadzi." Mwana adadzuka mwakachetechete, natenga kapu yake ya pulasitiki.

Kutacha mayiyo adakankha kabati ija. Kuseri kwake kudali bowo lodutsa paipi yakale, lonyowa. Bambo wa mwanayo adaphwanya loko wa chipinda chija ndi hamala, fungo nkuwabweza m'mbuyo. Amuna a alandilodi adali gone pa makatoni, mbali imodzi yakufa, milomo itang'ambika ndi ludzu. Adamwalira kuchipatala patapita masiku anayi, mkazi wawo ali m'manja mwa apolisi.

Banja lija lidasamukira m'nyumba yoima payokha, ndipo mwana adayambanso kulongolola. Koma dzulo m'mawa mayi adapeza kapu ija patsinde pa khoma, mulibe ndi dontho lomwe, simenti ili gwa, youma.

"Iwe, madzi wapatsa ndani?"

Mwana adayankha mokoka: "Agooogo. Akuuuti ludzu silinaaathe."

Inu amene mwamva nkhaniyi, ngati mukudziwa chimene mayiyu angachite, chonde muuzeni lero, kusanade.