Madisiki Ali pa Galimoto ya Alamu

Lachiwiri, 7 koloko m'mawa, minibasi ya Mai Giya inakana kuima pamtsetse wopita kusukulu. Anaponda buleki, kutsogolo kunamveka phwaa, galimoto n'kukawomba mpanda. Mwa ana khumi ndi awiri amene ankawanyamula tsiku lililonse, mmodzi anathyoka mkono.

Wapolisi wapamsewu anasuzumira kuseri kwa tayala. Disiki ya buleki inali itasweka pawiri.

"Zotchipa izi, mayi. Ana a eni mumawanyamulira pa malata? Bweretsani laisensi. Mukayankha kukhoti."

"Ndinagula za kufakitale ine, sabata yathayi!"

"Onse amatero."

Koma Mai Giya sankanama. Alamu ake, mwamuna wa mng'ono wake, anali makaniko, ndipo anamunyengerera kuti agule zotchipa, ati chitsulo n'chitsulo basi. Mai Giya anakana. Anakagula yekha zenizeni, nazisiya kugalaja kuti alamuwo amange. Komabe sankakhulupirira makaniko aliyense, ngakhale wapachibale. Chitsulo chilichonse chimene wagula ankachidonthezera penti wofiira wa zikhadabo. Disiki yoswekayo inalibe dontho.

Mai Giya anamukakamira wapolisi uja kuti apite naye kugalajako mpaka anavomera motopa. Pofika 12 koloko onse awiri anali pagalaja. Anafufuza m'mashelefu, m'madiramu, pansi pa benchi. Osapeza kanthu.

Alamu ankangopukuta manja pa ovololo.

"Mwayendetsa ngati nkhuku yodula mutu, ndiye mufuna kupachika ine? Chiwongolero si cha aliyense, alamu."

Maso a Mai Giya anali pa kagalimoto koyera ka alamuwo. Matayala onse anali fumbi lokhalokha, koma manati a kutsogolo ankanyezimira, sipanala itawapala chaposachedwa.

"Bwana, amasule tayala ilo."

"Galimoto yangayo ikukukhudzani pati?"

"Masulani," anatero wapolisi.

Anamasula mwachidodo, thukuta lili kamukamu. Tayala litagwa, dontho lofiira linali pomwepo, pa disiki yatsopano.

"Paja munati chitsulo n'chitsulo," anatero Mai Giya. "Bwanji zotchipazo simunamange pagalimoto yanu?"

"Ine ndimanyamulamo ana anga umu," alamu anayankha asanaganize.

Wapolisi anatulutsa unyolo.

Mng'ono wake uja anatulukira kuseri kwa galaja akulira, chitenje chili m'manja.

"Akulu, chonde, ndi bambo wa ana anga! Tikambirane kunyumba!"

"Pita kuchipatala ukakambirane ndi mayi wa mwana uja. Ine ndilibe nawe mawu."

Wapolisi anauza alamu kuti abwezeretse tayalalo, kenako anawamanga manja. Galimotoyo inayenera kupita kupolisi ngati umboni. Asanakwere, wapolisiyo anatulutsa laisensi ija m'thumba n'kuipereka kwa mwini wake. Anayang'ana mtsetse wa kumsewu, nakayikira pang'ono.

"Yendetsani mosaopa, bwana," anatero Mai Giya. "Mabuleki akewo ndinasankha ndine."