Kapu Yoyamba

Kwaya ya Tiyamike ya ku Area 4 inalibe kibodi. Liwu loyambira nyimbo linkachokera pakhosi pa mphunzitsi wake, Madalitso. Iye ankawerama, kuika pakamwa pafupi ndi khutu la wotsogolera nyimbo, n'kung'ung'uza pang'ono. Wotsogolerayo akalitola liwulo, ena onse ankatsatira. Kwa zaka zambiri khutu limenelo linali la Eveless. Chikondi chawo chinayambira pomwepo, ndipo pa ukwati wawo kwayayo inaimba mpaka mawu kusasa.

Eveless ankaphika sopo kuseri kwa nyumba n'kumakagulitsa ku Area 1. Sopoyo anawadyetsa, anaphunzitsa mwana wawo Paxton, koma nthunzi ya soda inamudya Eveless pakhosi. Mawu ake anayamba kuthyoka akafika pamwamba. Pamene kwaya inkakonzekera mpikisano wa ku City Centre, Madalitso anamuuza pamaso pa anthu onse kuti abwerere kumzere wa alito. Pamalo pake anaikapo Lonely, mtsikana wogwira ntchito ya m'nyumba ku Area 10.

Kuchokera kumzere wakumbuyo zonse zimaoneka. Nyimbo iliyonse, Eveless ankaona mwamuna wake akuweramira khutu la mtsikana uja, Lonely n'kutsinzina pomvetsera. Akaphonya liwu, Madalitso ankaweramanso kachiwiri.

Maness, mnzake wa pamzere, ankamugunyuza ndi chigongono. Tsiku lina anamuuza kuti aphunzitsi amaoneka ku Area 10 masana, kumpanda komwe Lonely amagwira ntchito, ndipo alonda amawatsegulira geti ngati eni nyumba. Anati iye sanena zambiri, amangomva chisoni basi.

Anthu otere alipo m'kwaya iliyonse. Amaimba za kumwamba pakamwa pali chiswe, ndipo nyumba ikagwa amakhala oyamba kubwera kudzapepesa.

Eveless atamufunsa kunyumba, Madalitso sanakane. Anati abwana a Lonely samulola kutuluka pakati pa sabata, choncho amakamuphunzitsira m'galaja, mlonda ali pomwepo.

“Nyimbo yanji yofuna galaja, bambo a Paxton?” anafunsa Eveless.

“Nyimbo imene inu simungaifikenso.”

“Khosi ili linaonongekera chakudya chanu.”

“Ndiye ndiluze mpikisano chifukwa cha sopo? Mawu anu anatha, mayi a Paxton. Vomerani.”

Ananena zimenezi akupukuta nsapato, osadzutsa n'komwe mutu. Eveless sanalire. Anapita kuseri kwa nyumba nakaima nthawi yaitali pafupi ndi chigubu cha soda.

Panali ntchito imodzi imene sanamulande. Pa kukonzekera komaliza, mkazi wa mphunzitsi ndiye ankabweretsa madzi otentha a jinja ndi mandimu otsukira pakhosi, ndipo kapu yoyamba inkapita kwa wotsogolera nyimbo. Loweruka limenelo Eveless anatenga fulasiki ndi makapu ake. Pansi pa kapu yofiira anali ataikamo soda. Sankafuna kupha munthu. Ankangofuna kuti mtsikanayo naye akaime kumzere wakumbuyo, amve mmene zimawawira.

Anathira, navundula, napereka kapuyo ndi manja awiri.

“Imwa, mng'ono wanga. Mawa ndi tsiku lako.”

Lonely anali mwana woleredwa kumudzi, ndipo anali asanazolowere mwambo wa kwayayo. Kwawo mwana sayamba kumwa wamkulu ali chiimire. Anayang'ana aphunzitsi, omwe anali atasasa mawu ndi kubwereza besi, napita kukagwada patsogolo pawo.

“Yambani ndinu, aphunzitsi. Mwatopa.”

Eveless anaona zonse. Mtunda wake unali wa kutambasula dzanja chabe. Liwu limodzi likanakwana. Koma liwu limenelo likanamuulula pamaso pa kwaya yonse, ndipo pamene ankayeza manyazi ake ndi khosi la mwamuna wake, Madalitso anapendeketsa kapu nameza kamodzi, monga ankachitira nthawi zonse pofulumira kubwerera kunyimbo.

Kapu inagwa. Iye anagwira pakhosi, natsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka si mawu a munthu. Anagubuduka pasimenti azibambo a besi akumugwira miyendo. Woyamba kutola kapu ndi kuinunkhiza anali Maness, ndipo ndi yemweyo amene analoza Eveless chala.

Madalitso sanafe. Madokotala anamuika paipi yodyera, nanena kuti sadzaimbanso, ngakhale kuyankhula kumene. Kubwalo la milandu anakhala pabenchi lakutsogolo, atakulunga nsalu m'khosi, maso ali pansi. Mlonda wa ku Area 10 anati m'galajamo ankangomvamo nyimbo imodzimodzi mpaka kutopa nayo. Maness anati iye sanaonepo kalikonse ndi maso ake, ankangomva kwa anthu. Woweruza anafunsa Eveless chifukwa chimene sanakuwire ataona kapu ikusintha manja. Iye anangoyang'ana nsalu ya m'khosi mwa mwamuna wake. Woweruzayo anamulamula kukakhala kundende zaka zambiri, ndipo Paxton anatengedwa ndi azakhali ake.

Nsanje siisankha pogwera. Ukaithira m'kapu, sudziwa amene adzameze, ndipo kawirikawiri amameza ndi yemwe unkamulimbirana.

Kundende ya amayi kulinso kwaya. Atamva kuti wabwera wodziwa nyimbo, akaidi anzake anamukokera kutsogolo Lamulungu lina kuti ayambitse. Eveless anaima, onse ali chete kumudikira. Mosadziwa anapendeketsa mutu kumanzere, monga ankachitira zaka zonse zija, kudikira kuti wina awerame.

Palibe anawerama.